Magazi Opanda Dzina

Telala anali atagwada pansi, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa gauni yofiira imene amayi ake aakulu anavala. Ofesiyo inali yopanikiza. Mabuku anadzaza mpaka pawindo, ndipo kuseri kwa khoma filiji yaikulu ya m'labotale inkangong'ung'udza osapuma.

"Imani mowongoka, mayi aakulu. Mukapendama choncho mbali imodzi izidzasesa pansi, anthu n'kumati telala wake ndi wa pansi pa mtengo."

Dokotala anaseka n'kuwongoka. Anali mayi wamtali, imvi zitangoyamba kumene, ndipo pasukulu ya madokotala ya payunivesitepo ankamudziwa ngati katswiri wa matenda a kumtundu, aja oyenda m'magazi kuchoka kwa makolo kupita kwa ana. Odwala sankawagwira kwenikweni. Ntchito yake inali kafukufuku. Sabata yotsatira ankamukweza kukhala pulofesa, ndiye anaitana mwana wa mng'ono wakeyu kuti adzafupikitse gauni imene inabwera yaitali. Anamupemphanso kuti asokerere dzina lake m'kati mwa kolala, poti tsiku la mwambo magauni onse amawakoleka chipinda chimodzi, ndipo amafanana ngati mazira.

Telala anachotsa mapini kukamwa, n'kuyamba nkhani yake osadzutsa mutu. Anati dzulo lake kushopu kunabwera amake a Mphunzitsi, mnyamata amene ankafuna kumukwatira. Anabwera ngati odzachepetsa siketi, koma siketiyo sanaitulutse n'komwe m'chikwama. Anakhala pabenchi n'kumafunsa za alongo ake a Telala, anyamata awiri, kuti kodi anamwalira ndi chiyani. Anati anamva kuti matenda amenewo amabisala mwa akazi n'kumagwira ana aamuna. Iwo mwana wamwamuna anali naye mmodzi yekhayo, choncho ukwati uyambe waima mpaka amve mawu a dokotala wa m'banjamo. Mwezi ukatha osamva kanthu, aona poyambira.

"Ine sindinade nkhawa," anatero Telala. "Ndinawauza kuti yankho lilipo kale. Paja magazi munatitenga tonse."

Dokotala anamva gauni ija ikulemera pamapewa.

Anyamata awiriwo anabadwa bwinobwino, ankathamanga ngati ana ena onse. Atafika poyamba sukulu anayamba kugwaigwa. Ankayenda monyang'ama, akatumba akumiyendo atatupa ngati a munthu wampira koma mulibe mphamvu. Akakhala pansi, podzuka ankachita kukwera miyendo yawo yomwe ndi manja, kugwira mawondo, kugwira ntchafu, mpaka kuima. Kenako njinga ya olumala. Wamkulu anapita mawu atangoyamba kukula. Wamng'ono, chitsirizira wa m'nyumbamo, anapirira mpaka chaka chatha.

Nthawi imene matendawa ankayamba n'kuti Dokotala atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro kunja. Ntchito ya anthu amenewa ili ndi lamulo lake losalembedwa: amene satulutsa mapepala a kafukufuku amawolera pampando umene anayambirapo. Kuti alembe pepala ankafunika mabanja ambiri a matenda omwewo, ndipo mabanja otere sapezeka ngati tomato pamsika. Anazungulira zipatala mpaka nsapato kutha, nambala osakwana. Banja lapafupi kwambiri linali lake lomwe. Tsiku lina Lamulungu anafika kwa mng'ono wake ndi kabokosi kozizira, natenga magazi a anyamata onse awiri, a mayi wawo, a Telala amene anali kamtsikana ka sekondale, ndiponso ake omwe. Chitsirizira uja, akupukuta misozi, anamutcha dzina loti Udzudzu, ndipo dzinalo linakhala. Potuluka pakhomo Dokotala anawauza kuti asadandaule, magazi amenewa adzatiuza zonse.

Koma m'masukulu a madokotala, kulikonse kumene mungapite, muli mwambo umodzi. Magazi a kafukufuku sayenda ndi dzina. Akangofika m'labotale, kapepala ka dzina amakamatula pakabotolo n'kumatapo nambala, ndipo akamawatumiza kunja kumene kuli makina aakulu, chilichonse cholumikiza nambala ndi munthu amachiwononga. Ndi mwambo wabwino ndithu. Umateteza anthu kuti bwana wa kuntchito kapena apongozi asadzawaloze chala. Dokotala ankauphunzitsa yekha mwambowo, ndipo ophunzira angapo analirapo chifukwa chouphwanya. Lolemba lake anakhala patebulo ndi thireyi yodzaza timabotolo, akumatula timapepala ndi chikhadabo, mutu uli ku msonkhano wa masana. Timabotolo ta abale ake tinali pakati pomwepo. Manja anangochita zimene anazolowera.

Anadzazindikira bokosi litakwera kale ndege. Anadziuza kuti palibe vuto, adzawatenganso ena, a banja okhaokha, makina awo akabwera. Makinawo anabwera, koma panali pepala loti lilembedwe. Pepala litatuluka panali misonkhano, kenako ophunzira, kenako mankhwala a makina aja anatha. Zengerezu analinda kwawukwawu. Anyamata onse anapita, ndipo kumanda sakatengako magazi.

"Undipatse masiku angapo, mwanawe," anatero Dokotala akuvula gauni. "Ndikufufuzira."

Telala atangotuluka, Dokotala anapita ku ofesi ya mkulu wa dipatimenti. Ameneyu ophunzira ankamutcha Sutikesi, chifukwa ankaoneka kawirikawiri pabwalo la ndege kuposa m'kalasi. Tsiku limenelonso chikwama chinali chotsegula pampando, akulongedzamo mataye. Dzina lake linali pa pepala lomwe lija, pambali pa la Dokotala.

Dokotala anafotokoza zonse, osabisa. Ananenanso njira imene anaiganiza ali m'khonde. Magazi a anyamatawo anali akadali m'filiji ya anzawo akunja aja, pakati pa mazana ena opanda maina. Koma chibale chimaoneka m'magazi. Iye atatumiza magazi ake atsopano okhala ndi dzina, makina akanatha kuloza kuti awa ndi a ana a mng'ono wake. Akawapeza, akanadziwa malo enieni pamene panali vuto, n'kuyang'ana malo omwewo mwa mtsikanayo.

Sutikesi anasiya mataye, nakatseka chitseko.

"Mayi, mukundiuza kuti mu kafukufuku uja munalowetsamo banja lanu? Ndi inu nomwe? Komiti yoona za malamulo a kafukufuku inadziwa?"

Dokotala anapukusa mutu.

Mkuluyo anakhala pansi n'kuyamba kuyankhula motsitsa, ngati wansembe. Anati akangolemba kunja, funso loyamba lidzakhala lomwelo. Kenako komiti idzakhala pansi, idzafunsa ngati ana aja ndi mayi wawo anavomera mwaufulu kapena anangoopa kukanira mbale wawo wophunzira. Idzafunsanso kuti munthu amene analonjeza mabanja onse kuti maina awo sadzapezekanso akufuna bwanji kuwafukula lero. Pepalalo akhoza kulichotsa m'magazini. Ndipo upulofesa wa sabata yamawa waima pa pepala lomwelo ngati nyumba pa maziko.

"Si inu nokha mungagwe," anatero. "Bwato limeneli tilimo tonse. Valani kaye gauni yanu. Anzathu aja akadzasaina kafukufuku wachiwiri chaka chamawa, mwina tidzapeza kanjira kachete."

"Mwanayo amupatsa mpaka kutha kwa mwezi, Pulofesa."

"Amuna sanathe padziko, mayi. Mipando ya upulofesa ndiyo yowerengeka." Anaseka pang'ono, koma ataona kuti akuseka yekha anawonjezera kuti mapanga awiri avumbwitsa, asankhe yekha pobisala. Kenako anayang'ana wotchi n'kunena kuti dalaivala akumudikira.

Dokotala anabwerera ku ofesi yake, nakhala pakompyuta. Uthenga wopita kunja anaulemba wonse, wachidule, womveka bwino. Anauwerenga, n'kusintha mawu amodzi. Anakumbukira zaka zimene ankaphunzitsa makalasi a anzake iwo ali kumisonkhano, amuna amene anayamba nawo limodzi n'kumudutsa, ndi mwamuna wake wakale amene anatopa kudya yekha. Chala chinaima pamwamba pa batani. Kenako wina anagogoda kudzafunsa za mayeso a ophunzira, ndipo iye anatseka kompyuta n'kupita, uthengawo osautumiza.

Loweruka anakwera basi kupita kwa mng'ono wake. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa msewu wafumbi, ndipo pakhomo panali pakadali kanjira kasimenti kotsetsereka kamene anamanga kuti njinga izilowa. Njingayo inali pakona pabalaza. Masiku ano ankaikapo zovala zochapa zodikira kusita. Telala anali kuchipinda, makina osokera akulira.

Mng'ono wakeyo anali wocheperapo zaka, koma ukawaona limodzi ukanati ndi mayi ake. Kunyamula anyamata akuluakulu kupita nawo kubafa kunamupinda msana. Mwamuna wake anachoka kalekale, atanena kuti kumtundu kwawo kulibe ana okwawa. Mayiyo anamulandira mkulu wakeyo ndi tiyi, n'kunena kuti Udzudzu wafika, bisani mikono. Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kwaufupi.

Dokotala ananena zimene anakonzekera m'basi. Maina anachotsedwa, monga mwa lamulo. Zotsatira zilipo, koma palibe angadziwe kuti za ndani ndi ziti. Za njira ina ija sanatchule.

Mng'ono wake anamvetsera mpaka kumapeto, kapu ili m'manja. Kenako anasendeza mpando pafupi n'kunong'ona kuti mwana asamve.

"Ndiye ingopitani mukawauze amake a Mphunzitsi kuti mwanayu ali bwino. Ndinu dokotala, akakhulupirira. Muvale chijasi chanu choyeracho, munyamule ndi pepala lililonse."

"Sindingachite zimenezo."

"Chifukwa?"

"Nanga akadzabereka mwana wamwamuna n'kuyamba kugwa? Ndidzawayang'ana bwanji anthuwo? Ntchito yanga silola bodza."

Mng'ono wakeyo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Silola bodza. Achemwali, tsiku lija munaima pakhomo apo n'kunena kuti magazi adzatiuza zonse, chinali chiyani chimenecho? Nyimbo? Mwana wanga uja ankaopa jakisoni kuposa njoka, ndinamugwira ndine kuti mumubaye. Mpaka sabata yomwalira ankafunsa kuti kodi Udzudzu wapeza chiyani. Ine ndinkati akufufuzabe. Ndakhala ndikukunamirani kwa ana anga zaka zonsezi, inu simungandinamire kamodzi?"

Dokotala anayesa kunena kuti lamulolo linaikidwa pofuna kuteteza anthu ngati iwo omwe. Mng'ono wake anati aone mmene lawatetezera. Anati iye sanapite patali ndi sukulu, koma akudziwa kuti munthu ukabwereka mphika kwa mnzako umabweza muli kanthu. Ndipo ananena mawu amene anawasunga nthawi yaitali: kuti mkulu wakeyo anachenjera, anaona matendawo mwa ana a mnzake n'kusankha osabereka, pamene ena anasenza mtanda wa mtundu wonse.

Makina osokera anali atasiya kulira. Telala anaima pakhomo la chipinda, tepi yoyezera ili m'khosi. Sanalire. Anapempha amayi ake kuti akhale chete kaye, n'kufunsa amayi ake aakulu kuti bwanji osangomutenga magazi ena lero lomwe, iye ali moyo, mkono nawu.

Dokotala anamufotokozera mofatsa. Anati chinthu chimene amayang'anacho chili ngati ulusi wautali kwambiri, ndipo penapake pamakhala poduka. Banja lililonse limakhala ndi malo ake podukapo. Mwa mnyamata wodwala malowo amaoneka msanga, poti ulusiwo ali nawo umodzi. Mkazi ali ndi maulusi awiri, wabwinowo umaphimba winawo, ndiye ndi zipangizo zimene ali nazo kuno, popanda kudziwa pamene panaduka mwa alongo ake, akhoza kufufuza n'kupadutsa osapaona. Anati kuli kuyeza kwina kosavuta kumene angachite Lolemba, koma kukatuluka bwino sikutsimikiza kanthu. Kumangonena kuti mwina.

"Mwina ameneyo ndili naye kale, mayi aakulu. Ndinabadwa naye." Telala anakoka tepi ija uku ndi uku. "Koma pali chimene sindikumvetsa. Ine munthu akandibweretsera kachigamba, ndimapita nako kusitolo n'kukapeza mpukutu umene kanachokera. Inu ndi makina anu onsewo, magazi a ana a mng'ono wanu simungawazindikire pakati pa a anthu ena? Palibe njira iliyonse?"

 Panja wina ankaitanira makala. Dokotala anayang'ana njinga ija, malaya opindidwa ali pamene pankakhala mnyamata.

"Palibe," anatero.

Telala anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu n'kunena kuti chabwino, gauni idzakhala itatha tsiku lake lisanafike. Anabwerera kuchipinda. Makina anayambanso kulira. Dokotala atanyamuka, mng'ono wake sanamuperekeze ngakhale kufika pamsewu.

Tsiku la mwambo kunacha bwino. M'chipinda chovalira munali phokoso la anthu ophunzira akusekana za mimba zimene zakula ndi zipewa zimene zachepa. Telala anafika m'mawa ndithu, gauni ili m'pulasitiki, yositidwa mosalala. Anawaveka yekha amayi ake aakulu, n'kuwongola mapewa, n'kugwada kuona m'munsi. Mpendero unali wowongoka ngati wojambula ndi rula. Ali chogwada choncho, Dokotala anaona kuti chala chimene chinkakhala ndi mphete chinali chopanda kanthu, patangotsala kamzere kotuwa.

Telala anaona kumene maso apita. Anati sanadikire kuti mwezi uthe. Anapita yekha kwa Mphunzitsi n'kumuuza zonse mmene zilili, kuti yankho ndi mwina, ndipo likhala mwina. Mnyamatayo analira, n'kunena kuti iye alibe nazo kanthu. Koma madzulo ake anabwera ndi amake, ndipo amene ankayankhula anali amakewo, iye maso ali pansapato. Diresi loyera limene anadzisokera analichepetsa m'chiuno, pali kasitomala amene analikonda.

"Mwana wanga," anayamba Dokotala, "chaka chamawa mwina tidzatha..."

"Musavutike, mayi aakulu. Madzi akatayika sawoleka." Anaimirira n'kupukuta mawondo. "Chinthu chimodzi chokha, dzina lija sindinasokerere. Ndinaona kuti kuno maina mumachotsa, ndiye ndinati ndisakupatseni ntchito."

Ananena mwaulemu, manja ali pamodzi, ngati akupepesa batani loiwalika. Dokotala anamupempha kuti akhale, mipando iwiri ya banja ili kutsogolo kwenikweni. Telala anati amayi ake sakumva bwino msana, ndipo iye ali ndi mayunifolomu a sukulu ofunika mawa. Anapinda pulasitiki ija bwinobwino, n'kuika m'chikwama, n'kutuluka.

Belu linalira. Anthu a magauni anandandalika awiriawiri kulowa m'holo, nyimbo ikuimbidwa. Nthawi yake itakwana, Dokotala anakwera pansanja, navekedwa chipewa, anthu n'kuwomba m'manja. Anatsegula mapepala ake n'kufotokoza za ulusi uja ndi malo ake oduka, zithunzi zikusintha pakhoma.  Kumapeto anafika pa mzere umene anaulemba kalekale, umene ankamalizira nawo pamsonkhano uliwonse.

"Koposa zonse ndikuthokoza mabanja amene anatipatsa magazi awo, amene maina awo sitingawatchule."

Holo yonse inaimirira. Pulofesa watsopanoyo anayang'ana mzere wakutsogolo. Pampando umodzi wa banja panalibe munthu. Pa winawo Sutikesi anali ataikapo chikwama chake, poti ndege yake inali ya masana omwewo, ndipo ankawomba m'manja kuposa wina aliyense.